Katundu wa M'nyumba Wotsika Mtengo ku Harare

Funso: Ndangosamukira kuno ku Harare kuchokera ku Lilongwe, ndipo m'nyumba muli mkeka wokha. Kodi katundu wotsika mtengo ndingamupeze kuti? Ndine mayi wa ku Dzivarasekwa.

Yankho: Mayi, musathamangire masitolo a m'tauni. Mipando ndi mabedi mukayang'ane ku Glen View Area 8, kumene akalipentala amakhoma okha, koma musanalipire muutembenuze mpandowo kuti muone ngati matabwa ake ndi ouma, chifukwa aawisi sachedwa kung'aluka. Mbaula ndi ndowa zimapezeka ku msika wa Siyaso, ku Mbare. Nyamulani madola ang'onoang'ono a ku America popeza chenji chimavuta, ndipo mtengo woyamba kutchulidwa musauvomere, muziyamba mwanenerera. Za galimoto yonyamula katunduyo mugwirizaniretu musanapereke ndalama.