Yankho kwa amene mchemwali wawo ali ku Johannesburg

Achimwene, mwafunsa ngati mchemwali wanu angamangidwe akapita kupolisi, poti anamutenga pomulonjeza ntchito ya mu saluni koma pano akumukakamiza kugona ndi azibambo ndipo pasipoti anamulanda. Pamalamulo iyeyo ndi wozunzidwa, wolakwa ndi amene anamutengayo. Ku South Africa kuli lamulo la 2013 lothana ndi kuzembetsa anthu, kwathu kuno lilipo la 2015 ndipo wozembetsa munthu wamkulu amatha kukaseweza zaka 14, wozembetsa mwana zaka 21.

Koma ndikuuzeni zoona, apolisi ena akangoona kuti mapepala anatha amathamangira nkhani ya imigireshoni osafunsa n'komwe kuti mtsikanayu anafika bwanji, mapeto ake amamutsekera ku Lindela kudikira kubwezedwa kumudzi pomwe chigawenga chija chikungoyendayenda, zimenezi zimandiwawa kwambiri. Nde asapite yekha. Ayimbe kaye 0800 222 777, ndi nambala yaulere ya nkhani zimenezi konko, amuthandiza kupeza malo obisala komanso woti amuperekeze. Akakafika anene poyambirira penipeni kuti anachita kunyengedwa ndipo pasipoti ili m'manja mwa anthuwo.

Inuyo kuno musafufute ma meseji a pa WhatsApp, malisiti a ndalama ndi nambala ya ejenti uja, pitani nazo kupolisi ku Victim Support Unit, ofesi yothandiza anthu ozunzidwa. Achibale muwauze asamunyoze chonde, ambiri amabweza milandu chifukwa cha manyazi a kunyumba komweko. Mchemwali wanuyo kuchipatala apitenso msanga, PEP, mankhwala oteteza ku HIV, amagwira akayamba kumwa pasanathe maola 72.