Alamu anga akundilanda katundu, anzanga a kutchalitchi anditaya: kodi Mulungu akundionabe?

Alangizi,

Amuna anga anamwalira miyezi inayi yapitayo atangodwala sabata imodzi. Tinakhala m'banja zaka 14 ndipo andisiyira ana atatu. Tisanachoke n'komwe pasiwa, achimwene awo anatenga makiyi a galimoto ndi khadi la kubanki, ati akusunga. Pano akuti ndituluke m'nyumba imene tinamanga limodzi chifukwa ndine ndinalodza m'bale wawo. Chikundiwawa kwambiri n'chakuti mnzanga wa pamtima, amene timaimba naye kwaya, ndi amene akufalitsa nkhaniyi. Kutchalitchi anthu akungondipatsa moni wapatali. Ndasala kudya, ndachezera kupemphera, koma kumwamba kuli zii. Ena akuti ndipite kwa mneneri akandionetse adani anga, ena akuti ndingozisiya m'manja mwa Mulungu. Kodi kukasuma ndi kupanda chikhulupiriro? Kapena Mulungu wanditaya?

Mayi wamasiye, Lilongwe

Mayi,

Pepani kwambiri chifukwa cha imfa ya bambo a kunyumba, pepaninso kuti anthu sanakupatseni mpata wolira. Tikuyankheni mosazungulira: kukasuma si kupanda chikhulupiriro, ndipo amene akukuuzani kuti mungokhala chete akukupatsani theka chabe la zimene Baibulo limaphunzitsa.

Tsegulani 2 Samueli mutu 15 mpaka 17, muwerenge pamodzi ndi Salimo 3, limene mawu ake apamwamba amanena kuti ndi la Davide pothawa mwana wake Abisalomu. Adani ake sanali Afilisti ayi, anali a m'nyumba mwake, monga mmene zilili ndi inu. Anakwera Phiri la Azitona akulira, wopanda nsapato, atafunda kumutu. Ali m'njira anamva kuti Ahitofele, mlangizi wake wodalirika, wapita kwa Abisalomu. Anthu ambiri ankanena kuti Mulungu sangamupulumutsenso. Ndiye taonani zimene anachita. Pa vesi 31 ya mutu 15 anapemphera pemphero lalifupi, kuti Yehova asandutse uphungu wa Ahitofele ukhale wopusa. Pa vesi yotsatirayo anakumana ndi bwenzi lake Husai, ndipo sananene kuti "ndapemphera kale, tiyeni tidikire." Anamubweza kumzinda kuti akasokoneze uphungu wa Ahitofele, nakonza zoti ansembe Zadoki ndi Abiatara azimutumizira uthenga kudzera mwa ana awo. Pa mutu 17 vesi 14 timamva kuti Abisalomu anatsata mawu a Husai, ndipo Malemba amanena kuti Yehova ndiye anakonza zimenezi. Pemphero linayankhidwa kudzera mwa munthu amene Davide anachita kumutuma yekha.

Husai wanu ndi malamulo a dziko lino ndi anthu oikidwa kuti awatsate. Mayi wa ku Sunemu atabwerako kumene anathawira njala zaka 7, anapita kwa mfumu kukadandaula za nyumba ndi munda wake, ndipo mfumu inamupatsa nduna yoti imubwezere zonse (2 Mafumu 8:1-6). Yesu pofuna kuphunzitsa za kupemphera kosatopa anasankha mayi wamasiye amene ankapita kwa woweruza mobwerezabwereza (Luka 18:1-8). Paulo naye anapempha kuti mlandu wake ukamvedwe kwa Kaisara. Palibe mmodzi mwa amenewa amene Malemba amamudzudzula.

Tsono nazi zoti muchite, ndipo muyambe sabata ino, chifukwa galimoto ikagulitsidwa kuibweza kumavuta.

Musatuluke m'nyumbamo, ngakhale atanena kuti n'kwa kanthawi mitima izizire. Amayi ambiri amataya nyumba motero: amapita kwawo mwezi umodzi, pobwera n'kupeza maloko asinthidwa ndipo muli alendi. Pokhapokha ngati moyo wanu kapena wa ana uli pachiswe ndi pamene muyenera kuchoka, ndipo mukatero pitani kupolisi tsiku lomwelo kuti chifukwa chochokera chilembedwe. Musasaine pepala lililonse limene achibale akubweretserani musanalionetse kwa munthu wodziwa malamulo, ngakhale atati ndi "zongogwirizana pabanja."

Sonkhanitsani zikalata: chikalata cha imfa chochokera ku National Registration Bureau, mtchatho wanu wa ukwati (ngati unali wa pachikhalidwe, ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndiwo mboni), zikalata zobadwira ana, mapepala a puloti, bulu buku ya galimoto kapena nambala yake, ndi malisiti alionse a simenti, malata ndi njerwa amene ali m'dzina lanu. Malisiti amenewa ndi ofunika chifukwa gawo limene inu munaikapo pa nyumbayo ndi lanu, si chuma cha masiye. Pangani mafotokope awiri pa chikalata chilichonse, ena muwajambule pa foni, ndipo zikalata zenizenizo muzisungitse kunja kwa nyumbayo, kwa munthu mmodzi wodalirika. Lembani m'kope katundu yense amene watengedwa, tsiku lake, amene anatenga ndi amene anaona.

Pitani kubanki ndi chikalata cha imfa mukanene kuti mwini akaunti anamwalira. Akatseka akauntiyo khadi lija silidzagwiranso ntchito. Inunso simudzatapa mpaka nkhani ya chuma italongosoka, koma kuli bwino ndalama zidikire kusiyana n'kuti zithe. Ngati malemu anali pa ntchito, kafunseni kumeneko za penshoni ndi za fomu imene analembapo mayina a olandira.

Kenako pitani ku Victim Support Unit ya polisi imene muli nayo pafupi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Limatinso munthu akamwalira wosasiya wilo, oyenera kupindula ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi amene ankadalira thandizo lake, ndipo katundu wa m'nyumba amatsala ndi wamasiyeyo. Mchimwene amene ali ndi ntchito yake salowamo chifukwa cha ubale wokha. Za kutchulidwa mfiti muzinenenso komweko, pakuti lamulo la zaufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Pa kagawidwe ka chumacho funsani ku ofesi ya DC kapena ya Administrator General, mkulu wa boma woyang'anira chuma cha masiye, ndipo ngati mulibe ndalama za loya, a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu ngati inu. Musapite nokha. Tengani nkhoswe yanu kapena mlongo wanu, chifukwa munthu wachisoni amaiwala theka la zimene wauzidwa. Akakuuzani kuti mubwere mawa, funsani dzina la ofisala ndi nambala ya nkhani yanu, ndipo mawalo mupitedi.

Apa tiikepo chenjezo limodzi. Ngati apongozi anu ankadya kuchokera m'thumba la malemu, lamulo lomwelo limawaganizira, ndipo inunso muwaganizire. Iwo ataya mwana. Si onse a kuchimuna amene ali adani anu. Nthawi zambiri olusa amakhala awiri kapena atatu, enawo akungoopa kuyankhula. Funafunani wamkulu mmodzi wa mbali imeneyo amene ali ndi mutu, mumuuze mwaulemu kuti mukupita kuboma osati kukamangitsa banja koma kuti ana a m'bale wawo asagone panja.

Za mneneri uja, tikukuletsani ndithu. Adani anu mukuwadziwa kale, ali ndi makiyi a galimoto. Chimene mungakapeze kumeneko ndi dzina la munthu wina woti muyambe kudana naye, mwina mayi anu aang'ono kapena woyandikana naye nyumba, ndipo mudzakhala mukumuchitira zomwezo zimene akukuchitirani inu. Ndalama ya "mbewu" imene mungakapereke kwa mneneriyo ndi ya fizi ya ana. Kumbukirani Simei, amene anatukwana Davide ndi kumugenda miyala pa ulendo womwe uja. Abisai, msilikali wa Davide, anapempha kuti akamudule mutu, Davide anakana. Kukana kubwezera n'kosiyana ndi kukana kudziteteza. Choncho musayankhe pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp la banja, musatumize mawu ojambula muli okwiya. Mauthenga awo oopseza musafufute, ndi umboni. Anu oyankha mwaukali angasandukenso umboni wawo.

Bala la mnzanu wa kwaya lija ndi lina, ndipo polisi singalipoletse. Salimo 55:12-14 limanena za zomwezi: wolembayo akuti akanakhala mdani akanapirira, koma ndi mnzake weniweni, amene ankapita naye limodzi ku nyumba ya Mulungu. Sitikukukakamizani kuti mawa mukamukumbatire. Kukhululuka n'kusiya kumufunira zoipa, ndipo kumatenga nthawi. Kumuuzanso zinsinsi zanu ndi nkhani ina, imeneyo ayenera kuigwirira ntchito. Tsatani Mateyu 18:15-17: muonane naye awiri, akakana mutenge mboni imodzi kapena ziwiri, kenako akulu a mpingo. Abusa mukawaone pa tsiku la pakati pa sabata, osati pakhomo la tchalitchi Lamulungu, muwapemphe zinthu ziwiri zomveka bwino: kuti adzudzule mphekesera za ufitizo, ndi kuti mkulu wa mpingo mmodzi azikuperekezani pa zokambirana za banja. Mpingo umene umawerenga Yakobo 1:27, vesi lonena za kusamalira ana ndi akazi amasiye, ulibe chifukwa chokanira. Ambiri amene akukupatsani moni wapatali sakudana nanu, akuopa kulowerera, ndipo mtsogoleri akayankhula amamasuka.

Tibwere ku "zii" wa kumwamba uja. Kumva ngati watayidwa si tchimo, ndipo si umboni wakuti watayidwadi. Salimo 13 limafunsa kanayi kuti "mpaka liti". Salimo 88 limatha popanda mawu achitonthozo, komabe lili m'Baibulo, kutanthauza kuti Mulungu amalandira pemphero lotero. Yesu mwini pamtanda anafuula mawu oyamba a Salimo 22. Choncho musadzikakamize kupemphera mawu okoma amene sakuchokera mumtima. Mawu akakutherani, werengani salimo limodzi mokweza m'mawa ndi lomwelo madzulo: 3, 13, 27, 55, 62, 142 ndi 146, masiku asanu ndi awiri, kenako muyambirenso. Pamene pali mawu akuti adani, tchulani zimene zikukuvutani ndi mayina ake. Mphindi khumi n'zokwanira.

Kusala kudya ndi kuchezera kuja muyambe mwaimitsa. Eliya atathawa Yezebeli n'kupempha kuti afe, mngelo sanayambe ndi ulaliki. Anamupatsa mkate ndi madzi, namusiya agone, n'kumudzutsanso kuti adye (1 Mafumu 19). Pambuyo pake ndi pamene anauzidwa kuti sali yekha, alipo ena 7,000. Thupi losagona ndi losadya limakulitsa mantha, ndipo muli ndi maofesi oti muyende ndi ana atatu amene akuyang'ana nkhope yanu. Anawo muwauze zoona mwachidule: bambo anamwalira ndi matenda, akuluakulu akukangana za katundu, ndipo si mlandu wawo. Musawatume kukanena mawu kwa abambo awo aakulu. Ngati papita masabata awiri tulo tisakubwera, chakudya chisakulowa, kapena mwayamba kuganiza zodzipha, uzani munthu mmodzi lero lomwe ndipo mupite kuchipatala mukawafotokozere adokotala monga mwatifotokozera ife.