Mapu a chisankho amabisa mavoti a ogonja

Achimwene, mwafunsa kuti popeza mapu a zotsatira za chisankho cha aphungu akuonetsa chigawo chilichonse chitapakidwa utoto wa chipani chimodzi, kodi dziko lotere silinagawikane kale? Kugawikana kumakhalapo ndithu, sindikana. Koma mapuwo amakokomeza nkhani.

M'mayiko amene wopeza mavoti ambiri m'dera ndiye amakhala phungu, munthu akhoza kupambana ndi mavoti 40 pa 100 alionse, dera lonse n'kupakidwa utoto wa chipani chake. Anthu 60 otsalawo anaima nawo pamzere n'kuvota, koma pamapupo simuwaona.

Zinachitika ku Britain mu 2015. Chipani cha Scottish National Party (SNP) chinatenga mipando 56 mwa 59 ya ku Scotland, chigawo chakumpoto kwa dzikolo, ndipo woona mapu akanalumbira kuti anthu a kumeneko onse ali ndi mtima umodzi. Chonsecho chipanicho chinapeza theka lokha la mavoti a ku Scotland. Theka linalo linangotsala ndi aphungu atatu. Pachisankho chomwecho chipani china cha UK Independence Party (UKIP) chinapeza mavoti pafupifupi 3.9 miliyoni m'dziko lonse, koma phungu mmodzi yekha, chifukwa ochikonda anali omwazikana. Ku Canada mu 1993 zinaposa apa. Chipani cha Bloc Québécois, chimene chinaimika anthu m'chigawo cha Quebec chokha, chinapeza mipando 54 n'kukhala chipani chachikulu chotsutsa boma. Chipani cholamula cha Progressive Conservative chinapeza mavoti ambiri kuposa a Bloc, koma chinatuluka ndi mipando iwiri. Njira imeneyi imakomera chipani chimene ochitsatira ake anaunjikana malo amodzi.

Kumbukiraninso kuti dera lakumudzi limatenga malo aakulu pamapu, pamene mzinda wodzaza anthu umangooneka ngati kadontho.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti andale nawo amakhulupirira mapuwa. Chipani chikaona kuti chigawo china sichinachipatse phungu, chimaleka kupitako kukachititsa misonkhano, chimaimikako munthu wongodzaza malo, ndipo chikalowa m'boma chimasowa phungu wa kumeneko woti chimupatse unduna. Anthu amene anachivotera kumeneko amaona kuti atayidwa. Chisankho chotsatira ena sapita n'komwe kukavota, ena amangotsata kumene anansi awo akupita. Kugawikana kumene poyamba kunali kwa pamapu kumayamba kukhala kwenikweni, ndipo woyambitsa si wovota ayi.

Ena amanena kuti mankhwala ake n'kugawa mipando molingana ndi mavoti amene chipani chapeza, monga amachitira ku South Africa kuyambira 1994. Zimathandiza, chifukwa voti ya wogonja m'chigawo imawerengedwabe. Koma pamene mpatuko uli wozama, njirayi siutseka. Belgium imagawa mipando chomwecho, koma zipani za olankhula Chidatchi n'zosiyana ndi za olankhula Chifalansa, ndipo pambuyo pa chisankho cha 2010 panapita masiku 541 asanagwirizane zopanga boma.

Ndiye musanaweruze chigawo chonse, pezani ziwerengero za dera lililonse kuchokera ku bungwe loyendetsa chisankho. Onani amene anakhala wachiwiri, anasiyana mavoti angati ndi wopambana, komanso anthu angati mwa olembetsa anakavota. Mukapeza dera limene phungu anapambana ndi mavoti ochepa chabe, mudziwe kuti kumeneko anthu akumvetserabe mbali zonse.