Kwa mayi amene mwana wawo wasiya kucheza

Mayi wina andilembera imelo kuti mwana wawo wamkazi, wa fomu 2 pa sukulu yogonera konko, amakhoza bwino m'kalasi koma akabwera ku holide amangodzitsekera kuchipinda. Akufunsa kuti mwana wa ku sekondale amasangalala ndi chiyani. Mayi, kalata yanuyi yandifika pamtima.

Ine ndinaphunzira pa CDSS ina kutali ndi kwathu, moti tinkachita lendi kachipinda ndi mnzanga n'kumadziphikira tokha. Ufa ukayamba kuchepa pakati pa teremu tinkagonera phala, ndipo usiku tinkawerenga pa koloboyi mpaka m'mphuno kuda bii ndi utsi. Zonsezo tinkapirira. Chimene chinkandidya mumtima linali tsiku limene ahedi ankatchula pa asembule mayina a osamaliza fizi. Umanyamula makope ako anzako onse akukuyang'ana, ulendo wobwerera kumudzi kumene ukudziwa kale kuti ndalamayo kulibe. Ukabwerako umapeza anzako apita patali, iwe n'kumabwereka makope kuti ukopere usiku.

Amene anandigwira dzanja anali aphunzitsi a Biology. Ankandiitana ndi dzina langa, ndipo akandiona ndafooka ankafunsa kuti, "Wadya iwe?" Chifukwa cha iwowo sukulu sindinaisiye.

Ndinena mosabisa, makolo ambiri amaona mwana ngati chikalata cha zotsatira. Mwana sanatule n'komwe chikwama, funso lafika kale: "Wakhala nambala chani?" Kuyambira pa mayeso a sitandade 8 mwanayo amakhala akupimidwa. Wanuyo chaka chino akudikira JCE, mayeso amene anachotsedwa n'kudzabwezeretsedwa mu 2021, ndipo kutsogolo kuli MSCE. A MANEB akatulutsa zotsatira, dziko lonse limakamba za opeza mapointi 6. Za mwana wa fomu 1 amene akuchapitsidwa zovala ndi akuluakulu ku hostelo palibe amazikamba. Nyemba zofumbwa zimene amadya tsiku ndi tsiku nazonso sizikambidwa. Nanga mtsikana amene ali kumwezi, mapadi amuthera ndipo pampopi madzi sakutuluka, mukuti masamu alowa m'mutu? Sukulu imene imalekerera zoterezi ikulakwira ana, ngakhale itakhozetsa kalasi yonse.

Ndiye mutani?

Za magiredi muyambe mwazisiya. Muphike naye limodzi, ndipo manja ali pantchito mumufunse kuti amagona pafupi ndi ndani, amadya ndi ndani, ndi mphunzitsi uti amene amamasuka naye. Akapanda kutchula mnzake ngakhale mmodzi, vuto lingakhale pamenepo. Ngati akuchita nanu manyazi, mutumizeni kwa azakhali ake akacheze. Sukulu ikatsegulira mukaonane ndi a matironi ndi mphunzitsi wa kalasi yake. Mukaona kuti sakudya, sakugona, kapena akukamba zofuna kufa, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo.