George Smith ndi phale la chigumula la ku Nineve

Bambo wina wanditumizira imelo kuti anamva zoti nkhani yofanana ndi ya Nowa inapezeka italembedwa pa phale ladongo. Akufunsa kuti anaipeza ndani, nanga anatha bwanji kuwerenga chinenero chimene eni ake anatha kalekale.

Zikomo bambo. Munthuyo ndi George Smith, wobadwira ku London mu 1840. Ku yunivesite sanapondeko. Ali ndi zaka 14 anayamba kuphunzira ntchito yozokota zitsulo zodindira ndalama zamapepala, ntchito yofuna diso loona ngakhale kamzere kochepetsetsa. Nthawi ya nkhomaliro ankathamangira ku British Museum kukayang'ana mapale ochokera ku Nineve, mzinda womwe uja wa mneneri Yona, pafupi ndi Mosul ku Iraq. Akuluakulu ataona luso lake anamulemba ntchito.

Njira yowerengera malembawo sanaitulukire iye. Henry Rawlinson, Edward Hincks ndi anzawo anali ataswa kale mphanje, ndipo chinawathandiza n'chakuti Chiakadi, chinenero cha pa mapalewo, ndi chibale cha Chiheberi ndi Chiarabu. Luso la Smith linali pa zidutswa.

Mlembi wa ku Asuri ankadinda dongo lonyowa ndi bango losongola. Nineve atatenthedwa mu 612 BC, moto unawotcha mapale a mfumu Ashurbanipal ngati njerwa, n'chifukwa chake sanasungunuke, koma nyumba zitagwa anasweka. Austen Henry Layard ndi Hormuzd Rassam atawafukula cha m'ma 1850, anafika ku London osakanikirana, zidutswa pafupifupi 30,000.

Polumikiza zidutswa zotere munthu sayamba ndi kuwerenga ayi. Amayamba wazisanja potengera mtundu wa dongo ndi makulidwe ake. Kenaka amaona mbali, pakuti kumaso kwa phale n'kosalala pamene kumsana n'kotukuka pang'ono, ndiye kupindika kwa chidutswa kumasonyeza ngati chinali chapakati kapena cham'mphepete. Amayerekezanso dzanja la mlembi ndi kutalikirana kwa mizere. Kuwala kuyenera kuchokera cham'mbali, chifukwa chimene diso limawerenga ndi mthunzi wa m'timaenje ta bango tija. Kukachokera pamwamba malemba amazimirira. Chidutswa chakumapeto n'chamtengo wapatali, popeza alembi ankaikapo nambala ya phalelo ndi mzere woyamba wa phale lotsatira.

Mu November 1872 Smith anawerenga pa chidutswa china za chombo choima paphiri ndi nkhunda yotulutsidwa n'kubwerera. Mbali ina inali itakutidwa ndi zoyera zouma gwa, moti anadikira Robert Ready, katswiri wotsuka mapale, kuti azichotse osapala malemba. Pa 3 December chaka chomwecho anaiwerenga nkhaniyo pagulu, nduna yaikulu William Gladstone ali pomwepo. Linali phale la nambala 11 mwa mapale 12 a nthano ya Gilgamesh.

Zolakwika zinalipo, ndipo gwero lake ndi malembawo. Chizindikiro chimodzi chimatha kuimira liwu lathunthu kapena kachigawo chabe ka liwu, ndiponso chimakhala ndi matchulidwe angapo. Motero dzina la Gilgamesh Smith analiwerenga kuti Izdubar, ndipo linakhala choncho mpaka 1890 pamene Theophilus Pinches anapeza phale losonyeza katchulidwe koyenera. China chinachitika mu 1873. Nyuzipepala ya Daily Telegraph inalipira ulendo wa Smith wa ku Nineve kukasaka mizere yosowa ya nkhani ya chigumulayo, ndipo patangopita masiku ochepa anatola chidutswa chokwana bwino pa mpatawo. Anthu anati ndi chozizwitsa. Pambuyo pake zinadziwika kuti n'cha nthano ina ya chigumula, ya Atrahasis. Mawu kugwirizana si umboni woti dongo ndi limodzi. Pamafunika kuti posweka pakumanenso.

Ndikuganiza kuti funso lenileni kumtima kwanu ndi lakuti phaleli likutsimikiza za Nowa kapena ayi. Chimene likusonyeza n'chakuti anthu a ku Mesopotamia ankasimba za chigumula kuyambira kale kwambiri, pakuti mapale ena a Atrahasis ndi a m'zaka za m'ma 1600 BC. Kufanana kulipo: chombo chomatidwa phula, nyama zolowetsedwamo, nsembe potuluka. Kusiyana nakonso n'kwakukulu. Milungu ndi yambiri ndipo ikukangana, mkuntho watha sabata imodzi osati masiku 40, ndipo Utnapishtim, yemwe ali ngati Nowa m'nthanoyi, akutulutsa nkhunda, namzeze, kenaka khwangwala. Amene amati phaleli latsimikiza Baibulo, ndi amene amati laligwetsa, onse akulisenzetsa katundu woposa msinkhu wake.

Smith analemba za nthano ya chigumulayi m'buku lake The Chaldean Account of Genesis la 1876. Chaka chomwecho, pa ulendo wake wachitatu, anadwala kamwazi n'kumwalira ku Aleppo pa 19 August, ali ndi zaka 36. Phalelo likadali ku British Museum, nambala yake ndi K.3375, ndipo mukailemba pa intaneti zithunzi zake zituluka.