Mafunso Anu: Kodi mbiri ya Hyrule inagawanika pati?

Akonzi, ine ndi mnzanga timakangana za magemu a The Legend of Zelda. Iye akuti Wind Waker ndi Twilight Princess onse amatsatira Ocarina of Time. Ine ndikuti n'zosatheka, chifukwa mu gemu imodzi dziko la Hyrule lili pansi pa nyanja, pamene mu inayo lili bwinobwino. Wolondola ndani? — Wowerenga, Zomba

Mnzanuyo walondola, koma inunso maso anu sanakunamizeni. Magemu awiriwa amachokeradi pa Ocarina of Time ya 1998, kungoti sali pa mzere umodzi. Link, ngwazi ya m'magemuwa, ali mwana amazula lupanga la Master Sword, n'kugona zaka 7, n'kudzuka ali wamkulu. Atagonjetsa mdani wake Ganondorf, Zelda, mwana wamkazi wa mfumu ya Hyrule, amamubwezera ku ubwana wake. Apa m'pamene mbiri imapatukira pawiri.

Dziko limene Link wachokamo silifafanizika. Limapitirira, koma lilibenso ngwazi. Ganon (dzina lina la Ganondorf) atamasuka kumene anamutsekera, anthu anadikira Link koma sanabwere, ndipo milungu inamiza Hyrule ndi chigumula. Nthambi imeneyi ndi ya Wind Waker (2002), Phantom Hourglass (2007) ndi Spirit Tracks (2009). Koma m'dziko limene Link wabwereramo, iye amachenjeza Zelda Ganondorf asanachite chiwembu chake. Ganondorf amagwidwa, n'kuweruzidwa kuti aphedwe ku ndende ya Arbiter's Grounds. Lupanga limamubaya koma safa, chifukwa cha gawo la Triforce (mphamvu yopatulika ya magawo atatu) limene lili mwa iye, ndiye amamukankhira ku dziko la chisisira lotchedwa Twilight Realm. Nthambi iyi ndi ya Majora's Mask (2000), Twilight Princess (2006) ndi Four Swords Adventures (2004). Mukafuna umboni, bala lowala pathupi la Ganondorf mu Twilight Princess ndi la tsiku limenelo.

Nanga nthambi yachitatu imene amati Link anagonja? Ndamaliza Ocarina of Time koma sindinaionepo. — Wowerenga, Chipata

Simudzaiona, ngakhale mutabwereza gemuyo kangati. Nthambi imeneyi inatulukira m'buku la Hyrule Historia, limene linasindikizidwa ku Japan mu 2011, ndipo la Chingelezi linabwera mu 2013. Vuto limene olemba anali nalo ndi ili: A Link to the Past ya 1991 imanena kuti Ganon anatenga Triforce yonse, magawo atatu, asanatsekeredwe ndi anzeru 7. Mu Ocarina of Time amangopeza gawo limodzi la mphamvu, enawo amapita kwa Zelda ndi Link. Njira yoti akhale ndi onse atatu ndi yoti Link agonje pa nkhondo yomaliza. Pa nthambi imeneyi anaikapo A Link to the Past, Link's Awakening, magemu awiri a Oracle, A Link Between Worlds, Tri Force Heroes, kenako gemu yoyambirira ya 1986 ndi Zelda II ya 1987. Echoes of Wisdom ya 2024 nayo aiika komweku.

Ife timaiona ngati chigamba pa malaya akale: chimatseka pong'ambika, koma msoko ukuonekera. Ndipo musaiwale kuti mabukuwa amasintha. Hyrule Historia inanena kuti magemu a Oracle amachitika Link's Awakening isanachitike, koma Hyrule Encyclopedia, yomwe inatuluka ku Japan mu 2017, inawatembenuza.

Breath of the Wild ili pa nthambi iti? Ine ndikuti ya Twilight Princess, chifukwa pa mwambo wodalitsa Link, Zelda amatchula za mlengalenga, za nthawi ndi za chisisira. — Wowerenga, Mzuzu

Mawu amenewo alipodi, ndipo akuloza Skyward Sword, Ocarina of Time ndi Twilight Princess. Koma mukatola umboni mwanjira imeneyi, nthambi zonse zitatu zipambana. A mbali ya Wind Waker adzakuonetsani mtundu wa mbalame wa Rito ndi tianthu ta m'nkhalango ta Korok, zimene zinayambira m'gemu imeneyo. Adzawonjezera kuti mchere wa m'miyala umafotokozedwa kuti unachokera ku nyanja yakalekale, komanso kuti dzina la Vah Medoh, chimakina chooneka ngati mbalame, likukumbutsa Medli, mtsikana wa mtundu wa Rito wa mu Wind Waker. A nthambi yachitatu adzatchula chilombo cha Lynel, chimene Breath of the Wild isanatuluke mu 2017 chinkapezeka m'magemu a nthambi yawo yokha.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza onse. Mu Wind Waker, a Rito ndi zidzukulu za a Zora, mtundu wa m'madzi: Medli ndi mbadwa ya Laruto, yemwe anali Zora. Mu Breath of the Wild mitundu iwiriyi ikukhala nthawi imodzi, wina kuphiri, wina kumadzi.

Pokangana, yezani kulemera kwa umboni. Cholemera kwambiri ndi chimene gemu yakuonetsani chikuchitika. Chotsatira ndi chimene munthu wa m'gemu wanena, pokumbukira kuti iyenso akhoza kumangobwereza nthano. Mayina a malo ndi opepuka, chifukwa mapu a gemuyi adzaza ndi mayina otengedwa ku magemu onse akale pofuna kusangalatsa osewera. Zovala zobwera ndi tizidole ta amiibo musaziwerengere n'komwe. Nkhondo yakale yolimbana ndi Calamity Ganon, mdani wamkulu wa m'gemuyi, inachitika zaka 10,000 Link asanagone tulo take ta zaka 100, choncho zonse za magemu akale zasanduka nthano. Nintendo, kampani yomwe ndi eniake a magemuwa, pa ndondomeko yawo, anaika gemuyi payokha kumapeto, osailumikiza ku nthambi iliyonse.

Tears of the Kingdom ikuti Rauru ndi Sonia ndiwo anayambitsa ufumu wa Hyrule. Ndiye kuti zakale za m'gemuyi zinachitika Ocarina of Time isanayambe? — Wowerenga, Johannesburg

Pano m'pamene mkangano uli wotentha, ndipo pali magulu awiri. Loyamba likuti Rauru ndi mfumu yoyamba yeniyeni, ndipo nthawi yake ili pakati pa Skyward Sword (2011) ndi The Minish Cap (2004). Chida chawo chachikulu n'chakuti gemuyo imanena poyera kuti iye ndiye woyamba. Lachiwiri likuti Hyrule wakale anatha, naiwalika, ndipo Rauru anadzakhazikitsa ufumu wina ndi dzina lomwelo.

Ife tili ku gulu lachiwiri, pa zifukwa ziwiri. Pa nthawi ya Rauru a Rito alipo kale, ndipo mmodzi wa iwo akumenya nawo nkhondo, pamene mu Ocarina of Time mtunduwu sunabadwe. Chachiwiri, Ganondorf wa mu Tears of the Kingdom (2023) wakhala womangidwa ndi dzanja la Rauru pansi pa nyumba yachifumu nthawi yonseyi. Gulu loyamba liyenera kufotokoza kuti zinatheka bwanji kuti Ganondorf wina abadwe kwa a Gerudo, mtundu wa m'chipululu, n'kugumula nyumba yachifumu ya mu Ocarina of Time, winayo ali gone pansi osasunthika. Kubadwanso kwa Ganondorf si kwachilendo, poti Four Swords Adventures ili ndi wake, koma iyeyo anabwera woyambayo atafa.

Chenjerani ndi mayina ofanana. Rauru wa mu Tears of the Kingdom, wa mtundu wakale wa Zonai, si Rauru wanzeru wa kuwala wa mu Ocarina of Time, ndipo mu Zelda II dzina lomweli ndi la mudzi. Nkhondo ya Imprisoning War imatchulidwa mu A Link to the Past ndi mu Tears of the Kingdom, koma omenya ake ndi osiyana, ndipo yachiwiriyi ikulimbirana miyala yamphamvu ya a Zonai, osati Triforce.

Age of Calamity ndiiwerengere pa mbiriyi? — Wowerenga, Lilongwe

Gemu ya 2020 imeneyi imayamba zaka 100 Breath of the Wild isanachitike, koma kaloboti ka Terrako kamabwerera m'mbuyo n'kusintha zochitika, moti ngwazi zinayi zothandiza Link, Mipha, Daruk, Revali ndi Urbosa, zimapulumuka. Mu Breath of the Wild onse anayiwo anafa. Choncho itengeni ngati kanthambi kakekake, ndipo musagwiritse ntchito mathero ake potsutsa za mu Tears of the Kingdom.