Funsani Azakhali: Nkhani ya shuga ku laibulale?

Azakhali, ndine mlembi wa gulu la banki m'khonde kuno ku Ndirande, tilipo amayi 18. Amayi anga anawapeza ndi shuga chaka chatha, ndipo m'gulu mwathu ena anayi ali ndi shuga kapena BP. Pa WhatsApp pamagwa mauthenga tsiku ndi tsiku. Wina akuti wiritsani masamba a mango, wina akuti nimu, wina akuti mapiritsi amawononga impso. Kuchipatala mzere umakhala wautali moti sitipeza mpata wofunsa. Mwana wanga akuti tipite ku laibulale. Kodi kumeneko si kwa ana asukulu okha?
Mayi wa ku Ndirande

Mayi, mwana wanuyo mumugulire kanyenya, wanena zanzeru. Koma tisanafike ku laibulaleko, amayi anu asasiye mapiritsi. Chimene chimapha impso ndi shuga wokwera ndi BP yosasamalidwa, ndipo zomwezo zimadyanso maso ndi mapazi. Ngati mankhwala akuwatsegula m'mimba, monga amachitira metformin kwa anthu ena masiku oyamba, akanene kumene anawalandira. Woyenera kuwasintha ndi amene anawalemba.

Ine ndinakhala pa kauntala ya laibulale zaka zambiri ndisanapume. National Library Service, yomwe imayendetsa malaibulale a boma, inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo la 1967, likulu lake lili ku Lilongwe ndipo kwanu ku Blantyre kuli nthambi. Ndi ya boma, ndiye kuti ndi yanu, kaya munalekeza sitandade 4.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wachikulire, chipewa m'manja. Sanafune buku. Anatulutsa buku lake la kuchipatala m'kajumbo ka shuga, n'kuloza ndi chala pamene panalembedwa "bd". Kwa sabata yathunthu ankamwa piritsi limodzi patsiku, poganiza kuti zilembozo ndi dzina la adokotala. Ndinawauza kuti "bd" ndi kawiri patsiku, "tds" katatu, "od" kamodzi, "nocte" usiku pogona. Anaseka mpaka ana a Fomu 4 anatembenuka. Kenaka anafunsa ngati angamwe onse amene anatsala nthawi imodzi kuti abweze. Pamenepo ndinatseka pakamwa panga n'kuwatumiza kuchipatala tsiku lomwelo. Malire a munthu wa mu laibulale ndi amenewo. Atha kukupezerani cholembedwa chodalirika, kukuwerengerani, kukuonetsani amene analemba ndi chaka chake. Sangakuyezeni ndipo asakulembereni mankhwala.

Ndisakunamizeni, mukangolowa nokha n'kuyamba kusanthula mashelefu mudzakhumudwa. Mabuku ambiri a zaumoyo ndi a Chingerezi, ochokera kunja, ena akale kuposa mwana wanuyo. Amalangiza zakudya zimene mu msika wa Ndirande simunazionepo, osatchula n'komwe mgaiwa, bonongwe kapena thobwa. N'chifukwa chake mupite ngati gulu, ndipo musapite nokha amayi 18. Laibulale ili ndi denga, mipando ndi poika mapepala osanyowa. Inu muli ndi anthu ndi mafunso. Wosowa ndi wodziwa matendawo.

Ameneyo muli naye pafupi. Ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, uja wa yunifolomu yabuluu amene amayeza ana kusikelo. Yambani ndi iyeyo. Mupempheni akufikitseni kwa namwino wa kiliniki ya shuga ndi BP, komanso kwa amene amaona zophunzitsa anthu ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu, kumene kumadzera mapositala ndi timapepala ta Chichewa ta Unduna wa Zaumoyo. Kulinso bungwe la Diabetes Association of Malawi, la anthu amene nkhani imeneyi akuidziwa ndi thupi lawo. Mukatero lemberani kalata mkulu wa laibulale, yosainidwa ndi wapampando, yopempha malo a msonkhano ndi namwino, yonena tsiku, chiwerengero chanu ndi amene adzayankhule. Mupemphenso kashelefu kamodzi kokha kosungirapo timapepalato.

Ndikunong'onezeniko. Pewani nyengo ya mayeso a MSCE, pamene ngakhale pawindo pamakhala mwana ndi buku. Ndiponso amayi a banki m'khonde ndimakudziwani, simudziwa kulankhula motsitsa. Pemphani chipinda china kapena pakhonde. Ngati mukufuna tsiku loyambira, 14 Novembala ndi tsiku lokumbukira matenda a shuga padziko lonse, ndipo a zaumoyo savuta kuwaitana nthawi imeneyo.

Mauthenga a pa WhatsApp aja musawafufute. Alembeni m'kope limodzi, lililonse patsamba lake, namwino akabwera muwawerenge mokweza ayankhe limodzi ndi limodzi. Yankho mulembe pansi pake, kopelo likhale pa kashelefu kaja. Mufunsenso tanthauzo la manambala amene amalembedwa m'mabuku mwanu. BP ikamafika 140/90 kapena kupitirira mobwerezabwereza, ndiye yakwera. Shuga woyeza m'mawa musanadye akafika 126 mg/dL, kapena 7 pa timakina toyeza mu mmol/L, ndi pamene achipatala amayamba kunena za matenda. Anthu ambiri anyamula manambalawa m'chikwama zaka zisanu osawamva.

Pamene mukudikira yankho la kalata, pali Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011 ndipo tsopano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Kuimbako ndi ulere, ndipo amayankha m'Chichewa.

Tsiku la msonkhano aliyense atenge buku lake la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala amene akumwa. Amayi anu muwauze adzavale nsapato zosavuta kuvula, chifukwa namwino wodziwa ntchito adzafuna kuona mapazi.